Nsalu ya Nkhanga Imene Sinatsale

Aliyense amene anasoketsapo chovala pa Chipoka amawadziwa mawu a bambo Pitala. Ukawapatsa nsalu, amayamba aitambasula pa bondo n'kuiyang'ana ngati dokotala amene wakumana ndi matenda ovuta. Kenako amakoka tepi ya m'khosi mwawo, n'kupukusa mutu. "Mayi, tiyesetsa, koma nsaluyi yachepa." Tsiku lokatenga chovala ukafunsa za yotsala, yankho linali limodzimodzi chaka ndi chaka: "Yangokwanira ndendende. Ngakhale komangira pa bala sikanatsale."

Makina awo ali pakhonde la golosale ya a Salimu, moyang'anana ndi siteji ya kabaza. Ndi makina akale opalasa ndi mapazi. Akuti anawagula nthawi imene padoko pankasefukira anthu, iwo n'kumasoka maovolosi a amuna onyamula katundu. Padoko patazizira, anatembenukira ku mayunifolomu a sukulu, zilundu za amayi ndi malaya a chinkhoswe. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo mphatso ya ana sanaione. Amene analera ndi Tiyanjane, mwana wa mlongo wawo. Mtsikanayo atakula n'kupeza mwamuna, a Pitala omwewo ndiwo anaima ngati nkhoswe ya kuchikazi. Mwamunayo ndi Fanuel wa kabaza, munthu wofatsa moti ngakhale belu la njinga yake amaliza ngati akupepesa.

Pansi pa tebulo la makina panali thumba la feteleza lomanga kukamwa ndi chingwe. Amayi ankaliyesa chotsamira miyendo. Amene ankadziwa za m'kati mwake ndi a Salimu okha, poti ndiwo ankasesa pakhondepo m'mawa uliwonse. Munali zidutswa za nsalu zonse zimene zinangokwanira ndendende.

"A Pitala, tsiku lachiweruzo thumba ili lidzayankhula," ankatero a Salimu.

"Liyambe layankhula chitini chanu choyezera mpunga chija, Che Salimu. Chopindikira m'kati chija."

Zikatero onse ankaseka, wina n'kubwerera ku mpunga wake, wina ku ulusi wake. Kunena zoona, a Pitala sankagulitsa zidutswazo. Kungoti dzanja lawo linali losadziwa kutaya kapena kubweza. Ankati tsiku lina zidzagwira ntchito, koma ntchito yake sankaidziwa.

Kenako kunabwera kolona. Sukulu zinatsekedwa, mayunifolomu n'kuthera pomwepo. Zinkhoswe ndi maukwati zinayamba kuchitika mwakachetechete, anthu ochepa, opanda yunifolomu ya achibale. Ana a pa Chipoka amene ankagwira ntchito m'mahotela a ku Senga Bay anabwerera kwawo ndi zikwama, akuti alendo asiya kubwera. Maliro amene anaopsa anthu ndi a mphunzitsi wina wopuma amene anaikidwa ndi anthu a zovala zoyera, achibale akuonera patali. Makina a bambo Pitala anakhala duu, mpaka kangaude anamanga nyumba pa gudumu lake.

Tsiku lina a Pitala anapita ku chipatala chaching'ono kukatenga mankhwala a bondo. Pageti mlonda sankalola munthu kulowa wopanda masiki. Linali tsiku la sikelo, ndiye panja panali amayi ambiri, ana kumbuyo, koma masiki inali imodzi. Wina ankalowa nayo, mwana akakwera sikelo n'kutuluka, kenako n'kuipatsira mnzake kudzera pa waya wa mpanda. Poyamba inali yabuluu, koma tsikulo inali itatenga mtundu wa madzi otsukira mbale. Amene ankailandira nthawi imeneyo anali Tiyanjane, kamwana kake Tadala kakusuzumira pa phewa.

"Iwe Tiya! Chimenecho uika pakamwa?"

"Nanga nditani, amalume? Mwana asakwere sikelo?"

"Chadutsa pakamwa pa anthu angati?"

"Kaya. Ine ndachipeza chikuyenda kale. Mwini wake akuti anapita kunyumba kalekale."

A Pitala sanalowenso m'chipatala. Anabwerera ndi bondo lawo lomwelo, akutsimphina, n'kukafikira kumasula thumba lija. A Salimu atatuluka m'golosale anapeza khonde lonse lili mbwee mitundumitundu, ngati pagwa utawaleza.

"Subuhanallah! Chiweruzo chafika kale?"

"Bweretsani ulusi, musiye zolalikira."

Ntchito inayamba choncho. Ankasoka nsalu ziwiri pamodzi, yamaluwa kunja, yoyera yotsala ku malaya a sukulu m'kati, poti a zaumoyo anati imodzi yokha siteteza. Lasitiki atatha, anyamata a kabaza anabweretsa machubu akale n'kumawadula timalegeni tating'ono. Timalegenito tinkakoka makutu moti amuna ambiri pa Chipoka ankayenda makutu ali patsogolo ngati mileme, koma palibe anadandaula poti zinali zaulere. A Salimu anapereka ulusi, sopo ndi ndowa ya kampopi yosambira m'manja. Amayi a ku tchalitchi ankachapa, a ku mzikiti n'kumasita ndi simbi ya makala. Zikauma ankazipachika pa chingwe pakhondepo, wofuna n'kumangotenga. Asodzi opita ku chilumba cha Mbenji anatenga zawo, ogulitsa nsomba anatenga, ndipo tsiku la sikelo lotsatira mayi aliyense analowa pageti ndi yakeyake.

Mayi wina anafunsa, "Koma a Pitala, nsalu zonsezi mukuzitenga kuti?"

"Akufuna kwabwino, mayi. Sakufuna kutchulidwa maina."

A Salimu anatsamwa ndi tiyi n'kuyamba kutsokomola. Masiku amenewo kutsokomola unali mlandu, ndiye anthu onse anabalalika pakhondepo, funso n'kufera pomwepo.

Palibe amene anazindikira nsalu yake, chifukwa chitenje cha pamsika chimakhala ndi amayi khumi kapena kuposa. Ukaona maluwa a chilundu chako pakamwa pa wogulitsa makala, umangoti bale inali imodzi. Koma panali nsalu imodzi yokha imene inalibe inzake pa Chipoka ponse. Inali yachikasu, ya nkhanga zikuluzikulu za maangamaanga. Mwini wake anali Lydia, mayi wogula usipa padoko n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Mwamuna wake anapita ku Joni zaka zapitazo, ndipo kubwera kwake kunali kwa pa foni basi. Nsaluyo anamubweretsera ndi mchemwali wake kuchokera ku Tanzania. A Pitala anamusokera diresi yokongola, koma atafunsa yotsala yoti amange duku, anamva zimene amayi onse amamva. Lydia si munthu wosunga nkhani m'mimba. Msika wonse unadziwa kuti diresi ya nkhanga ilibe duku chifukwa nsalu inangokwanira ndendende.

Thumba litayamba kuphwa, dzanja la bambo Pitala linakhudza nsalu yachikasu ija. Anaibwezeramo. Koma pa chingwe panali patatsala ziwiri zokha, ndiye anadziuza kuti kadulako kakona kokha sikangaoneke. Maso awo ndi a ukalamba, ndipo anadula ili yopinda. Atatembenuza, nkhanga yathunthu inali itakhala pakati penipeni, mutu pa mphuno, mchira pa chibwano. Anaipachika kumapeto, kuseri kwa zinzake, kuti mwina itengedwe ndi msodzi wopita kutali.

Anaitenga ndi Fanuel m'mamawa, a Pitala asanafike. Yake yakale inali itaduka legeni. Sanayang'ane n'komwe, anangoithothola n'kuiponya m'thumba la malaya, poti kupalasa njinga pa mchenga uli chitsekere pakamwa n'kudzipha. Kasitomala wake woyamba m'mawa anali Lydia, akakhala kuti ali pa Chipoka. Ankamutenga padoko ndi beseni la usipa n'kukamutula pokwerera minibasi. Tsikulo Lydia anali atavala diresi ya nkhanga. Atayandikira msika, kumene apolisi ankakonda kuima, Fanuel anatulutsa masiki ija ndi dzanja limodzi n'kuikoleka m'makutu.

Tsono kuno kwathu nsalu imayankhula kuposa pakamwa. Mwamuna ndi mkazi akavala nsalu imodzi safunikanso kulengeza kanthu. Ndi mmene timadziwira a chinkhoswe, ndi mmene timadziwira banja pa tchalitchi. Ndiye taganizani njinga ikudutsa pakati pa msika, kutsogolo nkhanga pakamwa, kumbuyo nkhanga thupi lonse.

Anayamba ndi amayi a tomato kuimba nthungululu. A kabaza anatsatira ndi malikhweru.

"Fanuel! Makadi atuluka liti?"

"Wofatsa uja ndi ameneyu? Madzi odikha ndiwo amamiza!"

"Mwatchena, akuchikazi ndi akuchimuna omwe!"

Fanuel sankaona pakamwa pake. Lydia, poti anali kumbuyo, ankangoona msana wa Fanuel. Iye anayesa kuti anthu akuyamikira diresi, ndiye anakweza dzanja n'kumawabayibitsa uku ndi uku, akumwetulira. Fanuel naye, posafuna kuoneka wamwano, analiza belu. Atafika pa minibasi, kondakitala anakwatula beseni, Lydia n'kulithamangira osacheukanso, ulendo wa ku Lilongwe kumene ankakakhala mpaka usipa utatha.

Nkhani inamupeza Tiyanjane pa mjigo minibasi isananyamuke n'komwe. Masana Fanuel atafika kunyumba, anamupeza atakhala pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tadala, tavulani chimenecho ndichione."

Fanuel anavula. Aka kanali koyamba kuti aione nkhanga ija. Anaiyang'ana, nayonso inamuyang'ana.

"Mayi a Tadala, ine ndatenga pa chingwe cha amalume."

"Amalume ake ati? Chipoka yense akudziwa kuti nsalu imeneyi sinatsale. Mwini wake akuyenda wopanda duku. Ndiye kuti ya pamutu pake inasowa, koma ya pakamwa panu inapezeka?"

"Ine sindikudziwa..."

"Anadula asanapite nayo kwa telala. Anakusungirani. M'mawa uliwonse mumati mukunyamula usipa, kani mukunyamula mkazi mnzanga?"

"Tiyeni tikawafunse amalumewo."

"Khalani pomwepo. Ndipita ndekha, mungakawatsinzinire diso."

Pakhonde la golosale tsikulo panali podzaza. Amayi ochapa, amayi osita, ena odzatenga zawo. Pafupifupi aliyense wa iwo anali ndi kachidutswa kake m'thumba lija, osadziwa. Tiyanjane anafika n'kuima kutsogolo kwa makina, nkhanga ili m'manja.

"Amalume, ndiuzeni pamaso pa anthu. Nsalu ya Lydia inatsala kapena sinatsale?"

Simbi inaima. Ochapa anatulutsa manja m'beseni. A Pitala anayang'ana mwana wa mlongo wawo, kenako anayang'ana amayi aja, maso onse ali pa iwo. Mawu amene anatuluka ndi amene lilime linazolowera.

"Mwana wanga, zaka zonsezi unamvapo kuti Pitala wasunga nsalu ya mwini?"

Iwo ankaona ngati sananene inde, sananene ayi. Tiyanjane anangoti, "Zikomo amalume, ndamva," n'kutembenuka.

Fanuel ndi mkamwini, nyumba ili pa malo a kuchikazi. Dzuwa lisanapendeke, katundu wake anali panja m'thumba la chimanga: bulangete, mathalauzi, nsapato za ku tchalitchi ndi pompa ya njinga. Tiyanjane anati thumbalo likhale pakhomo pomwepo mpaka ankhoswe adzakambe Loweruka, koma mwini wake asapondepo. Fanuel anakagona kwa mkulu wake, a Yesaya, amene anali nkhoswe ya kuchimuna.

M'mawa mwake anafika pakhonde n'kukhala pa sitepe, chipewa chili m'manja. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitapepuka.

"Amalume, ine za bulangete sindikudandaula, achimwene andibwereka lina. Koma Tadala sagona asanagwire khutu langa. Kaya usiku wapitawu wagwira la yani."

A Pitala anangoti zyoli, akunamizira kulowetsa ulusi pa singano imene inali ndi ulusi kale. Fanuel atachoka, a Salimu anatulutsa mutu pa zenera la golosale.

"A Pitala, chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mwana munalera nokha, banja munamanga nokha, ndiye mulipasule nokha chifukwa cha thumba la feteleza?"

"Ndikakamuuza pano sakhulupirira. Adzati amuna akubisirana. Ndakana kale pagulu."

"Wallahi munakana bwino, ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira."

"Nanga amayi onsewa akadziwa, adzabweranso ndi nsalu pano?"

"Mufunse kuti Tiyanjane akadziwa mochedwa, adzabweranso ndi Tadala pano?"

A Pitala anasisita bondo. Kenako anapisa dzanja pansi penipeni pa thumba n'kusolola nsalu yachikasu ija. Inkangotuluka, osatha. Ataitambasula yonse, a Salimu anaimba likhweru.

"Imeneyo ndiye yosakwana komangira pa bala? Linali bala la njovu?"

Munali duku, munali siketi ya mwana, n'kutsalanso ina. A Pitala anatembenuza makina kuti ayang'ane kukhoma, msana kumsewu, n'kuuza amayi ochapa kuti apume kaye, makina akufuna mafuta. Anapalasa tsiku lonse ndi la mawa lake. Kuchapa ndi kusita anachita okha, kuseri kwa golosale.

Loweruka m'mawa anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa Tiyanjane, motalikirana monga mwa lamulo la masiku amenewo. A Yesaya anabwera atavala jekete. Fanuel anakhala pa njerwa, pafupi ndi thumba lake. A Salimu anatseka golosale, akuti abwera ngati mboni. Tiyanjane anakhala pa mphasa, Tadala pa miyendo, maso pansi, umboni uli m'pepala la shuga pambali pake. Nkhani ya banja imakhala ya ankhoswe okha, koma m'mawa umenewo amayi oyandikana nawo onse anasowa mchere nthawi imodzi, ndiye anabwera kudzapempha n'kuiwala kubwerera.

A Pitala anaimirira ndi jumbo m'manja.

"Tisanayambe, za kolona kaye. Mamasiki mwavalawo ayenda nanu m'misika, ena sanaone sopo chiyambire. Pano pali mwana. Vulani muvale ochapa awa. Inunso a mcherenu, ngati mukhale, valani."

Anagawa mmodzimmodzi. Anali opinda bwino, mbali yoyera ili kunja. Aliyense anatambasula n'kuika yoyerayo kukamwa monga anazolowera, maganizo ali pa mlandu. A Pitala anavala yawo atatembenuka, n'kukhala pansi.

A Yesaya anakonza jekete, maso ali pa nsapato zawo mwaulemu. "Zikomo akuchikazi. Ife tamva madandaulo, ndipo tikudziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Koma m'bale wangayu chibadwire..." Anakweza mutu kuti ayang'ane nkhoswe inzawo. Anawayang'anitsitsa. Anayang'ana a Salimu. Anayang'ana amayi a mchere. Kenako anakoka masiki yawo pang'ono n'kuisuzumira ndi diso limodzi.

Bwalo lonse linali nkhanga. Ina yathunthu, ina mutu wokha, ya a Yesaya inali mchira ndi miyendo.

A Salimu anati, "Eee, nkhanga zinapangana kusanapse."

Mayi wina wa mchere anaphulika kuseka, mnzake n'kumutsina. Tiyanjane anakweza maso kuti aone wopanda khalidwe amene akuseka pa mlandu wake. Anaona amalume ake ali ndi nkhanga. Alamu ake nkhanga. Anavula yake n'kuitembenuza, n'kuifanizira ndi ya m'pepala la shuga.

"Amalume, izi ndi chiyani?"

"Vala kaye, mwana wanga, kunja kuli matenda." A Pitala anatsokomola pang'ono, koma ulendo uno palibe anathawa. "Tsopano undiuze. Pa anthu tonse takhala panofe, amene ali pa chibwenzi ndi Lydia ndi uti? A Yesaya ndi mkulu wa mpingo. Che Salimu ali ndi akazi awo amene tonse timawaopa. Kapena ndiwe?"

"Munanena kuti sinatsale."

"Ndinanena."

"Pagulu."

"Pagulu. Ndiye ndati nditsutsenso pagulu. Inatsala, Tiya. Ndinaisunga ndine, ndinadula ndine, ndinapachika pa chingwe ndine. Mwamuna wakoyu mlandu wake ndi umodzi, wovala chinthu osachiyang'ana."

Mayi uja woseka analeka kuseka. "Dikirani kaye, a Pitala. Ndiye akufuna kwabwino aja..."

"Ndi inuyo, mayi. Nonsenu. Mulungu akudalitseni."

Phokoso limene linabuka pamenepo linadzutsa agalu. Wina anakumbuka chilundu cha ubatizo, wina malaya a chinkhoswe cha mwana wake, wina anati n'chifukwa chake wogulitsa makala uja ankamuoneka ngati wachibale. Mkati mwa phokosolo, kumpanda kunamveka mawu.

"Odi! Ali kuti amene akundipatsa mwamuna ndili ku Lilongwe?"

Anali Lydia. Nkhani anaimva kwa kondakitala, ndipo anachokera pa siteji osafika kwawo, beseni lopanda kanthu m'khwapa, diresi yomwe ija, pakamwa atamanga kampango ka m'manja. Analowa ngati mphepo ya mwera, chala chili kale m'mwamba. Atafika pakati pa bwalo anaima. Anazungulira pang'onopang'ono, nkhanga zonse zikumuyang'ana, iye ali ngati make wa zonsezo.

"Duku yanga," anatero motsitsa mawu. Kenako anakuwa. "Duku yanga! A Pitala, mutu wanga wapsa ndi dzuwa miyezi yonseyi, kani duku yanga ili pa ndevu za a Salimu? Vulani nonse!"

"Pepani mayi, lamulo silikulola kuvula pagulu," anatero a Salimu.

Lydia anatembenukira kwa Tiyanjane. "Ndipo iwe mnzanga, wandiyesa chiyani? Ine kufuna mwamuna ndingatenge uyu? Munthu woti galu akagona pamsewu amatsika njinga n'kumudikira adzuke?"

"Musanyoze mwamuna wanga, mayi. Kufatsa si mlandu." Tiyanjane anayankha asanaganize. Atamva mawu akewo anaweramitsa mutu. Pakamwa sipankaoneka, koma mapewa ankagwedera, ndipo maso anali atachepa.

"Akuchikazi, ndiye tinene kuti mwamva zimenezo?" anafunsa a Yesaya. "Akuti mwamuna wanga."

"Tamva," anatero a Pitala.

Tadala sanadikire chigamulo. Anatsetsereka pa miyendo ya make, n'kuyenda dzandidzandi mpaka pa njerwa paja, n'kugwira khutu la bambo ake pamodzi ndi legeni lomwe.

Lydia anakhala pa beseni lake atalivundikira, akupumira m'mwamba. Anawayang'ananso onse, ndipo mkwiyo unayamba kutsika. "Chabwino. Zavalidwa, zavalidwa. Bola zikutchinga matenda. Koma taonani, bwalo lonse lavala nsalu yanga, mwini wake ndamanga kampango ka chimfine. A Pitala, yanga ili kuti?"

A Pitala anapisa m'jumbo. Anaitembenuza n'kuikutumula. "Mayi, yatha. Ulendo uno yathadi. Yangokwanira nde..."

Sanamalize. Bwalo lonse linayankhira pamodzi, "Ndendende!" Ndipo ngakhale tsiku limenelo ankanena zoona, palibe anawakhulupirira. Amayi awiri anawasecha m'matumba a jekete.

Tiyanjane anatenga pepala la shuga lija n'kulowa nalo kukhitchini. Masiki ya umboni anaichapa ndi sopo, n'kuiviika m'madzi owira, n'kuiyanika pa dzuwa, kenako n'kuisita mbali zonse ziwiri. Lydia anadikira akumwa thobwa. Itauma anaivala, nkhanga yathunthu ija, ndipo inamukhala kuposa mmene inamukhalira Fanuel. Popita anati Lolemba Fanuel akamutenge padoko monga kale. Tiyanjane anati akamutenga, koma atavala chimene amuveke iye. Ananyamula thumba la chimanga lija yekha n'kulilowetsa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitenje chakale chimene ankaberekera Tadala, chotuwa, cha maluwa osaonekanso bwino.

"Amalume, musokepo ziwiri za bambo a Tadala, azisinthira. Ndipo yotsala ndiifuna."

Kuyambira pamenepo a Pitala sadulanso nsalu ali okha. Mayi akabweretsa chitenje amakhala pa benchi mpaka sizasi itamaliza, zidutswa n'kuzimanga pa nsonga ya nsalu yake. Makasitomala ena anathawira kwa telala wa kuseri kwa msika, koma ambiri anabwerera, akuti uyo thumba lake sanalione, bola la a Pitala analiona kukula kwake. Pamene matenda anabweranso mwamphamvu chaka chotsatira, amayi omwewo ankamasula nsonga zija n'kusiya zidutswa pa tebulo, aliyense akutchula dzina lake mokweza kuti akufuna kwabwino adziwike. Asanapachike iliyonse pa chingwe, a Pitala ankaikweza m'mwamba n'kufunsa ngati mwini wake ali ndi mwamuna ku Joni.

Kolona inatha mphamvu, anthu anavula mamasiki, makutu anabwerera m'malo mwake. Fanuel akupalasabe kabaza, ndipo m'thumba la malaya ake mumakhalabe kansalu kotuwa kaja, akuti n'kotchingira fumbi. Akamadutsa pamsika atanyamula Lydia, a kabaza anzake amaimbabe likhweru, iye n'kuliza belu lake mopepesa.